Foni imene inauka pa Bua

Foni ya achemwali anga inkalandira moto ngati wodwala womwetsedwa phala, pang'onopang'ono, wina atamugwirizira mutu. Ankalowetsa chaja, n'kukulunga chingwe ndi mphira wa chubu cha njinga, n'kutsamiritsa foniyo pa mwala, kenako n'kulamula ana onse kuti asayandikire. Nkhuku ikangodutsa n'kugunda chingwe, basi, moto waleka kulowa, ntchito yoyambiranso.

Achemwali amakhala pa Bua, kufupi ndi pamene mtsinjewu umathira m'nyanja utatsika m'nkhalango ya Nkhotakota. Amalima mpunga, koma ndalama yatsiku ndi tsiku imachokera ku usipa. Amagula kwa asodzi m'bandakucha, kuyanika pa thandala, n'kugulitsa kwa anthu ochokera ku Kasungu ndi ku Lilongwe. Malonda onsewa amayendera pafoni. Msodzi amaimba kuti boti lakocheza, wogula amaimba kuti wanyamuka, ndalama imabwera pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Koma manja ogwira foniyo ndi omwewo ogwira nsomba, odzaza mchenga ndi mamba. Mchenga unalowa m'kabowo ka chaja. Anayesa kuutokosa ndi singano, singanoyo n'kupinda timano tam'kati. Foni yabwinobwino, imene alamu anatumiza kuchokera ku Johannesburg, inasanduka yopempheredwa.

M'nyumba munalibe magetsi, choncho ankakatchajitsa kumsewu wa M5, kwa ometa tsitsi. Chaka cha 2022 chinali chowawa. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo magetsi akayaka aliyense ankathamangira soketi. Ndani akanakhala n'kumalera foni imodzi yofuna mphira ndi mwala, pamene mafoni makumi awiri ali pamzere? Tsiku lina wogula wa ku Kasungu anaimba m'mawa wonse, foni ili chete. Anakagula kwa wina. Usipa wa mabeseni atatu unagona m'nyumba mpaka mtengo unatsika, ndipo achemwali sanadye nsima usiku umenewo.

Tsopano mverani zimene zinachitika.

Atakolola mpunga anagula sola yaing'ono ndi batire lake. Ine ndinabwera kuchokera ku Lilongwe ndi pawabanki ndi kanthu kena kozungulira, kakuda, kofanana ndi chivindikiro cha kapu. Ndinali nditafufuza mtundu wa foni yawo, n'kupeza chinthu chimene chinandisowetsa tulo ndi chimwemwe: foniyo inali ndi khomo lachiwiri lolandirira moto kuyambira tsiku limene inapangidwa, kungoti palibe ankadziwa.

Tinakhala pakhonde. Ndinalumikiza kambaleko ku pawabanki n'kunena kuti, "Achemwali, ikani foni apa."

"Nanga chingwe chilowa pati, achimwene?"

"Ingoikani basi."

Anaiika mosamala ngati dzira. Foni inalira kamodzi, *ting*, galasi n'kuwala, chizindikiro cha moto n'kuonekera. Achemwali anandiyang'ana, n'kuyang'ana foni, n'kuitola. Moto unaleka. Anaibwezera. *Ting*. Pamenepo analumpha n'kuimba nthungululu imene inatulutsa anthu m'nyumba zoyandikana. Mayi wina anapititsa dzanja pansi pa mphasa kufunafuna waya wobisika. Ana anapempha kuti aliyense aikeko kamodzi, ndipo tinawalola, chifukwa nafenso akuluakulu tinkafuna kumvanso kulirako.

M'kambale muja muli waya wa kopa wopombedwa ngati nkhata. Magetsi akamadutsamo amapanga mphamvu ya maginito, ndipo nkhata ina yokhala kumsana kwa foni imaitola n'kuisandutsanso magetsi. Nzeruyi ndi yakale, Michael Faraday anaitulukira mu 1831. Chatsopano n'chakuti makampani anagwirizana njira imodzi yotchedwa Qi, kudzera m'bungwe la Wireless Power Consortium lomwe linakhazikitsidwa mu 2008, kuti kambale ka kampani ina kazigwira pa foni ya kampani ina. Samsung inaika nkhatayi mu Galaxy S6 mu 2015, Apple n'kutsatira ndi iPhone 8 mu 2017. N'chifukwa chake mafoni ena akale ochokera ku Joni ali nayo eni ake osadziwa.

M'tauni anthu amaona kambaleka ngati chokongoletsa tebulo la mu ofesi. Ine ndimati kanapangidwira anthu a kunyanja. Taonani zimene achemwali anatulukira okha sabata yomweyo: mphamvu ija imadutsa pulasitiki yopyapyala. Ndiye foni anaiika m'pepala la shuga, n'kumanga kukamwa, ndipo imatchajidwa ili momwemo. Mchenga ulowera pati? Mamba agwira chiyani? Ngakhale mwera uwombe n'kuwaza madzi kudooko, foni ili gwa.

Kambale kali ndi khalidwe lake lofunika kulidziwa. Sikathamanga, kambiri kamapereka mawati 5 mpaka 15, ndipo gawo la moto limatayika ngati kutentha. Kwa munthu wodalira sola yaing'ono imeneyi si nkhani yochepa. Achemwali anaphunzira kusakaika padzuwa, kugoneka foni pakatikati penipeni, ndi kuchotsa makobidi achitsulo m'chikwama cha foni chifukwa amatentha. Liwiro analipeza kwina. Pawabanki ija ndi ya USB-C yokhala ndi Power Delivery, njira imene chaja ndi chotchajidwa zimayamba zakambirana kaye kuti pafunika mavolti angati, kaya 5, kaya 9, kaya kuposerapo. Masana batire la sola likakhuta ndi dzuwa la ku Nkhotakota, dzuwa lomwe lija likupangira dziko magetsi pa munda wa sola m'bomali, pawabanki imadzadza usipa usanaume pa thandala. Usiku imayamwitsa foni mwakachetechete.

Mafoni aang'ono a anzawo alibe nkhata kumsana, koma amabwera ndi zingwe zawo n'kulumikiza ku batire. Mayi amene ankaima kumapeto kwa mzere kwa ometa tsitsi lero ndi amene anthu amaodira pakhomo pake, foni m'manja: "Zikomo amayi, tingaponyeko kamoto?" Ena amasiya kambale ka tomato, ena nsomba ziwiri.

Ndinagonako mwezi wathawu. Tambala asanalire kachiwiri foni inalira, msodzi akuti akocheza ndi usipa wambiri. Achemwali anaitola pakambale, moto uli 100, n'kuimangirira pachitenje. Ali m'njira anaimbira wogula wa ku Kasungu yemwe uja, ndipo ndinawamva akuseka mpaka kuseri kwa mabango. Kutacha ndinapeza mwana wawo wamwamuna akudula mphira uja, akuti wapeza wa legeni.