Mlendo M'komboni ya ku Migodi

Nkhani yathu ya lero ndi ya mlendo amene adza kudzakhala m'komboni ya pafupi ndi mgodi. Masiku ano alendo otere ali a mitundu iwiri. Woyamba ndiye wocokera ku dziko lina, monga China, India kapena South Africa, amene kampani yamuitana cifukwa ca luso lace. Waciwiri ndiye wa nchito yatsopano ndithu: abwana ace ali ku Lusaka kapena ku London, koma iye agwira nchito ali m'nyumba, pa kompyuta, natumiza zonse pa intaneti. Munthu wotere angathe kukhala kuli konse, ndipo lendi yocepa ya m'komboni ingamkope. Onse awiri ayenera kudziwa cinthu cimodzi: komboni inamangidwa cifukwa ca mgodi, ndipo ali yense wokhalamo, ngakhale malipiro ace acokere kutali, adzalawa zabwino ndi zoipa za mgodiwo.

Tiyeni tiyambe taona kumene makomboniwa anacokera. Dziko la Copperbelt linali la Alamba. Mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya unayamba kuturutsa mkuwa mu 1931, wa Nkana mu 1932, wa Mufulira mu 1933, ndi wa Nchanga mu 1939. Pafupifupi onse ogwira nchito anali alendo: Abemba, Ansenga, Alozi, a ku Nyasaland, Anyakyusa a ku Tanganyika, ndi Azungu. Kampani inaika Azungu ku mayadi, ndi anthu akuda m'makomboni monga Wusakile, Chamboli ndi Kankoyo. Nyumba, madzi, cipatala ndi cakudya comwe, zonse zinali za kampani. Wocotsedwa nchito anaturukanso m'nyumba. Mu 1982 migodi inaphatikizidwa kukhala ZCCM, ndipo pakati pa 1997 ndi 2000 boma linaigulitsa. Nyumba zambiri zinagulitsidwa kwa anchito amene anali kukhalamo, ndipo miseu ndi madzi zinacoka m'manja mwa mgodi. Cifukwa cace mlendo wa lero kawirikawiri acita lendi kwa mkulu wopuma pa nchito ya mgodi, kapena kwa mkazi wamasiye amene cuma cace ndi nyumba yokhayo.

Tsono mlendo asanapereke ndalama, ayang'ane zinthu zitatu.

Coyamba ndi mphepo. Mwala wa mkuwa uli ndi sulufule wambiri, ndipo pousungunula m'ng'anjo pamaturuka utsi wotsamwitsa umene anthu a ku Mufulira amaucha senta. Komboni ya Kankoyo ili pafupi ndi ng'anjo, kumene mphepo inali kuuluzira utsiwo zaka zambirimbiri. Malata anadyeka ndi dzimbiri, ndiwo zinakana kumera, ndipo ana ndi okalamba anabvutika ndi cifuwa. M'zaka za pambuyo pace anaika makina ogwira utsi ndi kuusandutsa asidi, koma nthaka yoonongeka siicira msanga. Mlendo wanzeru ayang'ane madenga ndi madimba a anansi. Izo zidzamuuza zoona kuposa mwini nyumba.

Caciwiri ndi madzi. Matauni a ku migodi ambiri amamwa madzi a mtsinje wa Kafue, ndipo migodi ili m'mbali mwa mtsinje womwewo ndi timitsinje tace. Mu February 2025 damu la zinyalala za mgodi linaphulika ku Chambishi, asidi nalowa mu Mwambashi ndi mu Kafue. Nsomba zinafa, minda inapsa, ndipo madzi a m'mipope ya ku Kitwe anatsekedwa. Tsoka lotere silisankha nyumba ya mwini dziko kapena ya mlendo. Nkwabwino kufunsa masiku amene madzi amaturuka, ndi kukhala ndi mgolo wosungiramo.

Cacitatu ndi magetsi, ndipo apa mpamene wa nchito ya pa kompyuta angakhumudwe. Iye aona nthambo zazikuru zolowa mu mgodi, naganiza kuti kuno sikungade. Iai ndithu. Migodi ili ndi mapangano ace a magetsi, pakuti mapampu ocotsa madzi pansi akaima, mgodi umira; koma nyumba za m'komboni zilandira magetsi a ZESCO monga nyumba zina zonse. M'cilala ca 2024 madzi anacepa ku Kariba, ndipo nyumba zinakhala mu mdima maora ambiri pa tsiku. Abwana a ku London sadikira mvula ya ku Zambia. Wofuna kusunga nchito yace agule sola ndi batire asanagule mipando yokongola.

Palinso cina cosaoneka ndi maso, ndico mtengo wa mkuwa, umene umaikidwa pa msika wa ku London. Anthu a ku Luanshya adziwa bwino nkhaniyi: mgodi wao unaima mu 2000, unaimanso pamene mtengo unagwa kumapeto kwa 2008, kufikira kampani ya ku China inautenga mu 2009. Mgodi ukaima, masitolo atseka ndipo njala ilowa m'komboni. Pamenepo mlendo amene ndalama zace zidzabe mwezi ndi mwezi aonekera kwa onse ngati moto usiku.

Nanga adzamteteza ndani? Si mpanda wautali kapena galu wolusa ai, koma anansi. Mlendo akhale ndi mapepala a boma omlola kukhala m'dziko, ndipo aphunzire kupereka moni m'Cibemba, cimene ndico cinenero ca pa msika ndi m'basi ku Copperbelt. Agule tomato kwa amai a pa mseu wace, apite ku maliro a mnansi ndi kupereka cipepeso, akaonerereko mpira wa Nkana kapena Mufulira Wanderers. Akumbukirenso kuti mnansi wogwira nchito usiku afuna tulo masana.

Ndipo inu eni komboni, kumbukirani kuti makolo anu anafika kuno ndi kamtolo pamutu, ali alendo iwonso. Mlendo akafunsa za mphepo, madzi ndi magetsi, muuzeni zoona. Pakuti akuru anati, safunsa anadya phula.