Chingwe cha TV Sichilowa M'khoma ku America

Makoma a nyumba zambiri ku United States ndi amphako: matabwa mkati, mabolodi kunja. Munthu akapachika TV pakhoma, chingwe chake cha magetsi cholendewera chimamunyansa, ndiye amaboola kuseri kwa TV, kuboolanso pansi pafupi ndi soketi, n'kuchidutsitsa mkati. Pabalaza pamaoneka bwino ndithu, koma woyendera za magetsi akaziona amazikana.

Iye amatsamira pa buku la National Electrical Code, lomwe linatuluka koyamba mu 1897 ndipo limakonzedwanso pa zaka zitatu zilizonse. Eni ake ndi bungwe la National Fire Protection Association la ku Quincy, Massachusetts, lomwe si la boma. Choncho bukuli palokha silimanga munthu. Limasanduka lamulo boma la dera kapena khonsolo ya mzinda ikalivomereza, n'chifukwa chake dera lina limatsata buku la 2023 pamene oyandikana nawo akadali pa la 2020 kapena lakale kuposa apo. Aliyense, ngakhale mmisiri wamba, ali ndi ufulu wotumiza maganizo osinthira ndime ina, makomiti n'kukambirana ndi kuvota.

Ndime 400.12 imaletsa kudutsitsa chingwe chofewa cha chipangizo pa bowo la khoma, la siling'i kapena la pansi, ngakhalenso pakhomo ndi pawindo. Kuchibisa m'khoma n'koletsedwanso. Apa olemba bukuli sanakhwimitse zinthu pachabe. Chingwe chotere anachipanga kuti chizikhala poonekera, chikanyuka kapena kutentha mwini wake achione n'kuzula pulagi. M'khoma chimakhuzika pamphepete pa bowo, mbewa zimachiteketa, msomali wopachikira chithunzi umachibaya, ndipo palibe amene amadziwa mpaka utsi utatuluka.

Njira yovomerezeka ndi yoti mmisiri aike soketi ina kuseri kwa TV, yolumikizidwa ndi waya wopangidwira m'khoma.

Koma chingwe cha makina otsukira mbale chili ndi malamulo osiyanako, omwe ali mu ndime 422.16. Soketi yake iyenera kukhala m'malo oyandikana ndi makinawo, nthawi zambiri m'kabati ya pansi pa sinki, ndipo chingwe chisapitirire mamita awiri. Kuti chifike kumeneko chimadutsa pathabwa la kabati, lomwe oyendera ambiri saliwerenga ngati khoma la nyumba. Buku la 2020 linawonjezera kuti bowo loterolo likhale ndi kamphira kapena chotetezera china chovomerezeka, kuti thabwa lisadye chingwe makina akamanjenjemera. Wonena kuti chovomerezeka ndi chiti ndi woyendera wa m'deralo.