Mwana akafuna kuphunzira za kayendetsedwe ka chuma

Makolo ambiri akamva kuti mwana wawo akufuna kukaphunzira za kayendetsedwe ka chuma, m'maso mwawo amamuona kale atamanga tayi, ali pa kauntala ya banki. Ine ndakulira mu ofesi ya maakaunti, ndipo ndalama zenizeni sitizigwira kawirikawiri. Timagwira malisiti, ma invoice ndi kompyuta. Funso lotisowetsa tulo ndi limodzi: mwezi ukamatha, kodi kampani ikhala nazo zolipira antchito, MRA ndi amene anatipatsa katundu pa ngongole?

Khomo lolowera ndi MSCE yokhala ndi makirediti, makamaka a masamu ndi Chingerezi. Ena amapita ku MUBAS ku Blantyre, komwe ambirife timakutchulabe kuti ku Poly ngakhale dzina linasintha mu 2021. Ena amalowera ku Malawi College of Accountancy, ndipo ambiri mwa iwo amaphunzira akugwira ntchito. Koma digiri payokha siimupanga munthu kukhala chartered accountant. Pamafunikanso mayeso a ICAM, kapena a ACCA ndi CIMA a ku Britain, omwe fizi yake imawerengedwa m'mapaundi. Makolo, zimenezi muzidziwiretu mwana asanayambe, chifukwa kwacha ikatsika fizi imakwera usiku umodzi.

Phunziro limene ndimaliona lofunika kuposa onse ndi lakuti phindu la papepala ndi ndalama za m'thumba n'zosiyana. Tiyerekeze wamalonda wa ku Limbe waoda katundu wa madola 10,000 kunja, adzalipira pakatha miyezi iwiri. Katunduyo wamugulitsa msanga, buku likuonetsa phindu, aliyense akumwetulira. Kenako mu Novembala 2023 Reserve Bank yatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola imodzi yachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Ngongole yomwe inali K11.8 miliyoni yasanduka K17 miliyoni, katundu atapita kale pa mtengo wakale. Phindu lija lathera pomwepo, mwinanso mpamba walowa nawo. Wophunzira za chuma amaphunzitsidwa kuona dzenje lotere asanagweremo: kuika mtengo poganizira ndalama zodzaodera katundu wina, kufupikitsa masiku odikira angongole, ndi kuwerengera ngati chiongoladzanja cha ku banki chikuposa zimene bizinesi ingabweze. Amaphunziranso chifukwa chake K1 miliyoni ya lero siifanana ndi K1 miliyoni ya chaka chamawa, zomwe amayi ogula ufa pamsika amazidziwa bwino popanda kope.

Zina ndi za malamulo, zouma koma zosathawika: msonkho wa PAYE, VAT, ndi penshoni, pomwe bwana amaika 10 peresenti ya malipiro ndipo wantchito 5 peresenti. Pali maphunziro a msika wa masheya, ndipo Malawi Stock Exchange ku Blantyre ndi malo abwino oyeserapo: kampani iliyonse yolembetsedwa kumeneko imatulutsa lipoti la pachaka, ndipo wophunzira wanzeru amaliwerenga yekha osadikira aphunzitsi.

Phunziro la audit ophunzira ambiri amaliderera, amati n'lotopetsa. Ine ndimati akumbukire Cashgate ya mu 2013, pomwe mabiliyoni a makwacha anatuluka m'thumba la boma kudzera mu dongosolo la pakompyuta la IFMIS, kulipira makampani omwe sanagwire ntchito iliyonse. Kompyuta sinabe. Anaba ndi anthu odziwa mabuku, ena a iwo ophunzira bwino ndithu. N'chifukwa chake m'kalasi amabwereza kuti wolemba vawucha asakhale yemweyo wovomereza, ndipo wovomereza asakhale yemweyo wosaina cheke. Lamulo lomweli limagwira ntchito ngakhale ku banki m'khonde ndi ku komiti ya tchalitchi.

Kwa amene akuyamba, langizo langa ndi la Excel. Timalandira achinyamata a magiredi okongola amene amatha kufotokoza mfundo za m'buku mosadodoma, koma ukawapatsa sitetimenti ya ku banki kuti aigwirizanitse ndi buku la ofesi, thukuta kamukamu. Tchuthi chikafika, asamanyoze atachimenti ya pa kampani yaing'ono kapena pa SACCO. Ku kampani yaikulu angathe miyezi itatu akupanga fotokope, pamene pa golosale ya m'tauni amawapatsa buku la angongole sabata yoyamba, n'kuwauza kuti ayambe kuimba mafoni.