Mmene Gule Mmodzi Angaphunzitsire Maphunziro Anayi m'Sukulu za ku Salima

Pa koleji ya uphunzitsi maphunziro amagaŵidwa monga zipinda za nyumba. Mphunzitsi wa mbiri ali ndi ola lake, wa zojambula ali ndi lake, wa ntchito zamanja ali ndi lake, ndipo wa nyimbo ndi magule nayenso ali ndi lake. Kugaŵa kotereku n'koyenera, pakuti munthu mmodzi sangazame pa zonse. Koma inu amene mukukonzekera uphunzitsi dziŵani kuti mukadzafika pa sukulu ya pulaimale, monga zija za m'mphepete mwa nyanja ku Salima, ntchito ya anthu anayiwo idzagwera inu nokha. Kuyambira mu 2007, pamene silabasi yatsopano inayamba kuloŵa m'sukulu za pulaimale, kujambula, kuumba, kuimba, kuvina ndi maseŵero olimbitsa thupi zinasonkhanitsidwa m'phunziro limodzi lotchedwa Expressive Arts. Kaŵirikaŵiri phunziro limeneli ndilo limayamba kufa. Mphunzitsi amati palibe penti, palibe mapepala, ndipo ana amatha ola lonse akukopera notsi kapena akusesa pabwalo. Cholinga cha nkhani ino ndi kusonyeza kuti zipangizo zilipo pamudzi pomwepo, ndiponso kuti gule mmodzi angathe kusenza mbiri, zojambula, kapangidwe ka zinthu ndi kavinidwe nthaŵi imodzi.

Zimene aphunzitsi a m'makoleji anatisonyeza

Njira imeneyi sinayambe lero. Yunivesite ya Malaŵi inayamba kuphunzitsa mu 1965, ndipo koleji ya Chancellor inasamukira ku Zomba mu 1973. Aphunzitsi a mbiri a pa kolejiyo anaona kuti mabuku amene analipo ankanena zambiri za azungu koma zochepa za eni dziko. Motero anayamba kutuma ophunzira awo kumidzi pa tchuthi kuti akafunse akuluakulu ndi kulemba zimene amva. Bridglal Pachai anasonkhanitsa zolemba za akatswiri m'buku la The Early History of Malawi mu 1972, ndipo Kings Phiri anatsiriza mu 1975 kafukufuku wake wa mbiri ya Acheŵa a m'chigawo chapakati, wotsamira pa zokamba za akuluakulu. Iwoŵa asanabwere, mphunzitsi wa ku Nkhoma, Samuel Josiah Ntara, anali atayenda kale njira yomweyi polemba Mbiri ya Acheŵa m'zaka za m'ma 1940.

Aphunzitsi a zaluso nawonso anachita chimodzimodzi. Christopher Kamlongera ndi anzake a ku Zomba anatulutsa mu 1992 buku la magule a m'Malaŵi lotchedwa Kubvina. Ku Mua, kumwera kwa Salima, kumene ansembe a White Fathers anamanga mishoni mu 1902, Bambo Claude Boucher anatsegula malo a KuNgoni mu 1976, kumene amisiri ambiri aphunzira kusema ndi kujambula nkhani za makolo awo. Pafupi ndi Mtakataka, pa malo a Mankhamba amene anali likulu la Kalonga, Yusuf Juwayeyi anafukula mikanda yagalasi, mkuwa, minyanga ya njovu ndi zidutswa za mbale zochokera ku China, ndipo anafotokoza zimenezi m'buku lake la mu 2020. Tsono taonani chimene anthu onseŵa akufanana: anayamba ndi kupenya chinthu chenicheni, kenaka anafunsa eni ake, anayerekeza mayankho, ndipo pomaliza analemba. Njira imeneyi silira ndalama. Mwana wa Sitandade 6 angathe kuitsata.

Chifukwa chosankhira beni ndi mganda

M'madera a mafumu monga Maganga, Pemba ndi Kuluunda, Acheŵa ndi Ayao akhala pamodzi kuyambira m'zaka za m'ma 1800. Pakati pa magule odziŵika kumeneko pali beni, amene amavinidwa makamaka ndi Ayao, ndi mganda wa Acheŵa. Magule aŵiriŵa ndi pachibale, pamodzi ndi malipenga a ku Nkhotakota, Nkhata Bay ndi Likoma. Terence Ranger, amene anaphunzitsapo mbiri ku Dar es Salaam, anasonyeza m'buku lake la mu 1975 kuti beni anayambira m'mizinda ya Aswahili ya m'mbali mwa nyanja yamchere, monga Lamu ndi Mombasa, m'zaka za m'ma 1890, ndipo dzina lake linachokera ku mawu a Chingerezi otchulira gulu la asilikali oimba malipenga. Nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918 itatha, asilikali ndi amtengatenga obwerera kwawo anafalitsa guleyu m'maiko a kuno. Ndicho chifukwa chake ovina amaima m'mizere, amaguba, amavala zofanana, ndipo magulu a mganda ndi malipenga amatchedwa maboma, okhala ndi maudindo monga kingi, kapiteni ndi dokotala.

Chomwecho gule ameneyu ali ngati kalata yakale yolembedwa ndi mapazi. Mwana wofunsa chifukwa chimene agogo ake amavalira ngati msilikali waloŵa kale m'phunziro la mbiri. Wojambula mzere wa ovina waloŵa m'zojambula. Wopanga lipenga la chikho waloŵa m'kapangidwe ka zinthu. Ubwino wina ndi wakuti magule aŵa ndi apoyera, alibe chinsinsi, ndipo ana Achisilamu ndi Achikhristu omwe angathe kuŵaphunzira mosavuta.

Sabata yoyamba: kufunsa

Yambani ndi kukambirana ndi mphunzitsi wamkulu, ndipo kupyolera mwa iye kaoneni nyakwaŵa. Musatumize mwana kukaitana munthu wamkulu; pitani nokha, mufotokoze cholinga chanu, ndipo mupemphe ovina akale aŵiri, wina wa beni wina wa mganda. Alendowo asanabwere, konzani mafunso pamodzi ndi ana. Gule ameneyu munamuphunzira kwa yani? Amene anakuphunzitsaniwo anamutenga kuti? Nanga zovala zinali zotani kale? Kodi amavinidwa nyengo yanji, ndipo chifukwa ninji? Ana afunse mwaulemu, mmodzimmodzi, ndipo aŵiri kapena atatu azilemba mayankho.

Tsiku lotsatira jambulani mzere wautali pabolodi ndi kuikapo zaka zodziŵika: 1859, pamene David Livingstone anafika pa nyanja yathu, 1891, pamene dziko lino linaloŵa m'manja mwa Angerezi, 1914 mpaka 1918, zaka za nkhondo, 1935, pamene njanji inafika ku Salima, 1964, chaka cha ufulu, ndi 1979, pamene njanjiyo inapitirira kukafika ku Lilongwe. Tsono ana aike zimene agogo aja ananena pamalo oyenera pamzerepo. Ngati alendo aŵiriwo anasiyana mawu, musafulumire kuŵeruza kuti wina wanama. Funsani ana kuti: n'chifukwa chiyani anthu aŵiri angakumbukire chinthu chimodzi mosiyana? Funso limeneli ndilo mtima wa phunziro la mbiri, ndipo ngakhale ku koleji amalimbana nalo.

Sabata yachiŵiri: kupenya ndi kujambula

Mwana akauzidwa kuti ajambule munthu, amajambula munthu wa m'mutu mwake, wa mutu wozungulira ndi timiyendo tiŵiri. Ntchito yanu ndi kumuphunzitsa kupenya. Imikani mwana mmodzi patsogolo monga wovina mganda, mwendo umodzi m'mwamba, thupi loŵerama pang'ono. Funsani: bondo lili pati? Kulemera kwa thupi kwatsamira mwendo uti? Mkono ndi wautali kufika pati? Ana ayambe kujambula ndi chala pamchenga, pakuti pamenepo kulakwa sikuopsa, amangofafaniza ndi kuyambanso. Akazoloŵera, apatseni makala ndi mapepala a matumba a simenti kapena makatoni. Dothi lofiira, phulusa ndi mwaye zimapereka mitundu itatu yokwanira bwino. Musajambule chithunzi chanu pabolodi kuti onse akopere, chifukwa mukatero mudzalandira zithunzi makumi asanu ndi limodzi za dzanja lanu, osati za maso awo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Sabata yachitatu: kupanga chinthu chogwira ntchito

Kusiyana kwa kujambula ndi kupanga chida ndi kwakuti chida chimayesedwa. Lipenga la mganda limapangidwa ndi chikho chouma. Pamakhala kabowo kamene amatsekapo ndi nembanemba yopyapyala, kale ya kangaude, masiku ano kaŵirikaŵiri kapepala ka pulasitiki. Wovina amang'ung'udza m'chikhomo ndipo nembanembayo imanjenjemera n'kukuza mawu. Gaŵani ana m'magulu, gulu lililonse ndi chikho cha msinkhu wake. Asanayambe, ayankhe mafunso atatu: chidachi ndi cha ntchito yanji, tipangira chiyani, ndipo tidziŵa bwanji kuti chatheka? Akatha, ayerekeze mawu a chikho chachikulu ndi chaching'ono, a nembanemba yokungika ndi yolefuka. Lipenga likakana kulira, musalitaye. Gulu lifufuze chimene chalakwika. Mpeni ugwiridwe ndi inu kapena mwana wamkulu pamaso panu.

Mafunso atatu omwewo ana angathe kuŵafunsa pa zinthu zimene amaziona tsiku ndi tsiku ku gombe la Senga Bay kapena ku Chipoka: bwato, nkhafi, mono wogwirira nsomba, thandala loyanikira usipa, mkeka ndi chipeŵa cha mlaza. Mwana wa msodzi amene amakhala chete pa phunziro la Chingerezi mudzamuona akutsogolera anzake pofotokoza chifukwa chimene nsomba yoloŵa m'mono imalepherera kutuluka. Mwana wotere akaona kuti nzeru za kwawo zili ndi malo m'kalasi, sathamangira kusiya sukulu n'kupita kukakoka makoka.

Sabata yachinayi: kuvina

Kuvina kwa pasukulu kusakhale kungoimba ng'oma kuti ana adumphedumphe. Phunzitsani sitepe imodzi, ana aŵerenge kugunda kwa ng'oma, ndipo aibwereze mpaka mzere wonse uyende ngati munthu mmodzi, kenaka muwonjezere ina. Ngati inu simudziŵa kuvina, musachite manyazi kupempha mkulu wa boma la mganda kuti adzasonyeze, inu n'kumasunga dongosolo. Atsikana asasiyidwe kuti azingoomba m'manja. Iwo ali ndi chimtali ndi chiwoda, magule amene nawonso ali ndi mbiri yofunika kufunsa kwa amayi achikulire. Pomaliza itanani makolo ndi alendo aja. Ana asonyeze zithunzi zawo, malipenga awo ndi gule wawo, ndipo mmodzi afotokoze mzere wa zaka uja.

Malire ofunika kusunga

Ena a inu mudzafuna kuchita zomwezi ndi Gule Wamkulu, makamaka popeza bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005 monga chuma cha Malaŵi, Zambia ndi Mozambique. Apa chenjerani. Gule Wamkulu ali ndi eni ake ndi malamulo ake. Musauze ana kuti aseme kapena kuvala zigoba, musaŵafunse za kudambwe, ndipo musakakamize mwana wa chipembedzo china kuchita zimene makolo ake amakana. Zimene mungaphunzitse ndi zimene aliyense amaona pabwalo ndi mwambo umene zilombo zimalangiza. Sukulu yokhala ndi mwayi woyenda ingapite ku nyumba yosungiramo zakale ya Chamare ku Mua, kumene kuli zigoba zoposa 400 ndi anthu odziŵa kuzifotokoza moyenera. Mphunzitsi wodumpha malire aŵa amadanitsa sukulu ndi mudzi, ndipo chidani chotere chimatenga zaka kuti chithe.

Popereka malikisi musayang'ane kukongola kokha. Onani ngati mwana anafunsa funso lanzeru, anapenya asanajambule, anakonza lipenga litakana kulira, ndiponso anasunga mzere ndi anzake. Zolemba za ana muzisunge m'kope limodzi ku ofesi ya mphunzitsi wamkulu, ndi tsiku lake ndi dzina la mudzi. Agogo amene anaphunzira beni kwa anthu obwerera ku nkhondo akutha chaka ndi chaka, ndipo kope la kalasi lanu lingadzakhale malo okhawo kumene mawu awo anatsala.