Mapilisi a Nkhawa Si Ogula pa Kantemba

Cilala ca 2024 cinasiya nkhokwe zambili zopanda kanthu, ndipo alimi ena anali kucezela usiku poganizila nkhongole ya feteleza ndi cakudya ca ana. Nkhawa yotele ni ya aliyense. Koma ikapitilila kwa miyezi, mtima kumangogunda, thupi kunjenjemela, tulo osabwela ngakhale cimanga cili m'nyumba, amenewo ni matenda. Bungwe la zaumoyo la WHO linati mu 2019 anthu 301 miliyoni padziko lonse anali ndi matenda a nkhawa.

Ena akafika pamenepa amathamangila kukagula diazepam mwamseli. Mapilisi amenewa, amene ambili amawadziwa kuti Valium, anayamba kugulitsidwa ndi kampani ya Roche mu 1963. Amakhazika mtima pansi msanga, koma thupi limawazolowela m'milungu yocepa cabe. Munthu amene wawamwa nthawi yaitali akaleka mwadzidzidzi angagwe monga wakhunyu. Kuwasakaniza ndi kacasu kungaimitse kupuma.

Ndiye cifukwa lamulo linaika mpanda. Muno m'Zambia, bungwe la ZAMRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mankhwala la 2013, ndilo limapenda mankhwala asanaloledwe kugulitsidwa: ngati anapangidwa bwino, ngati amagwiladi nchito, ndi ngozi zimene angabweletse. Ndilonso limapeleka ziphaso ku masitolo a mankhwala. Diazepam amapelekedwa cabe kwa munthu amene ali ndi pepala la dokotala, ndipo kupezeka nawo popanda cilolezo ni mlandu umene a DEC amagwilila anthu. Mapilisi a m'kapepala kopanda dzina, palibe amene angakuuzeni zili mkati mwake.

Thandizo loyenela lilipo. Malangizo a WHO a 2023 amati diazepam ndi anzake asakhale mankhwala a tsiku ndi tsiku a matenda a nkhawa. Amalimbikitsa uphungu wa akatswili ndi mankhwala a gulu la fluoxetine. Awa amatenga milungu ingapo kuti ayambe kuthandiza, conco musawataye pa sabata loyamba, ndipo musagawileko mnansi wanu.

Ngati m'banja kapena mumpingo muli wina amene nkhawa yamufooketsa, musamuseke kuti ni wamantha. Mupelekezeni ku kiliniki. Zikavuta, iwo adzamutumiza ku cipatala cacikulu monga Chainama Hills ku Lusaka.