Mutu wa Mbandakucha ndi Mkokomo wa M'khutu

Amayi, sabata ino tiyambe taika pambali zophika ndi zosoka, tikambe za mutu. Kuchokera ku Tsangano kufikira ku Bilira palibe mayi amene sadziwa litsipa. Wina amati ndi dzuwa la kumunda, wina amati ndi thumba la kachewere limene anasenza tsiku la msika pa Lizulu, ndipo kawirikawiri amanena zoona. Koma ulipo mutu wina wosiyana ndi umenewu, umene ungathe kumlanda mayi maso ngati auchedwera.

Mutu umenewu umakula mukagona pansi, ndipo umakudzutsani mbandakucha. Mukawerama kuti mukoleze moto, kapena mukatsokomola, umanyanya. M'khutu mumamveka mkokomo wonga wa mphepo, woyenderana ndi kugunda kwa mtima. Choopsa koposa ndi ichi: podzuka pamphasa m'maso mumachita mdima kwa kanthawi kochepa, kenaka n'kuyeranso. Ena amaona zinthu ziwiriziwiri.

Kodi chimachitika n'chiyani m'katimo? Ubongo wathu umakhala m'madzi oyera amene amautchinjiriza. Madziwo ndi ochepa, ngati a m'kapu yaing'ono ya tiyi, koma thupi limapanga ena pafupifupi theka la lita tsiku lililonse, kotero akale ayenera kutuluka. Amatsikira m'mitsempha ikuluikulu yotulutsa magazi m'mutu. Iwiri mwa mitsemphayi imadutsa kunkhongo, m'kati mwa chigaza, wina kulowera kuseri kwa khutu lamanja, wina lamanzere. Inu amene mumathirira kabichi kudimba mukudziwa chimene chimachitika ngalande ikaphwanyika m'mbali n'kuchepa: madzi amabwerera m'mbuyo. M'mutunso ndi chimodzimodzi, koma chigaza sichifutukuka. Madzi akachuluka amapanikiza mitsempha ija, mitsempha ikachepa madzi amachulukirachulukira, ndipo mtsempha wa diso, umene uli wanthete, umayamba kutupa. Mkokomo uja ndi magazi akudzipanikiza pa njira yopapatiza pafupi ndi khutu.

Matendawa si achilendo kwa madokotala. Heinrich Quincke wa ku Germany anawalongosola m'zaka za m'ma 1890. Za kuchepa kwa mitsempha zinaoneka poyera mu 2003, pamene madokotala a ku Toronto anajambula odwala 29 napeza kuti 27 mwa iwo mitsempha yawo inali yopanikizika.

Tsono mvetsetsani apa, pakuti nkhaniyi ndi yathu. Amene amadwala kwambiri ndi akazi a msinkhu wobereka, makamaka amene thupi lawakwera msanga. Kwathu kuno mkazi akanenepa pa banja timati bambo akusamala, apongozi nawo amanyadira. Sindikunyoza thupi la munthu ayi, koma ngati zitenje ndi madiresi a chaka chatha akukana, ndipo mutu wa mtundu uwu wayamba, ziwirizi muzitchule pamodzi kwa adokotala. Mutchulenso mankhwala amene mukumwa, chifukwa ena monga tetracycline ndi doxycycline, amene ambiri amangogula okha, angathe kuyambitsa vutoli.

Mphini za m'litsipa sizifika pamene pali nthenda, ndipo panado amangogonetsa ululu pamene diso likuonongeka mwakachetechete. Kuona kumayamba kutha cha m'mbali, pakati pali bwinobwino, motero mayi angathe kumalowetsa ulusi pasingano osadziwa kuti akutaya maso. Zimene zatayika mtsempha utafota sizibwerera. Pitani ku chipatala cha boma cha Ntcheu, ndipo musangoti "mutu ukundipweteka". Nenani za mkokomo, nenani za mdima, ndipo pemphani mwaulemu kuti akuunikeni m'kati mwa diso ndi kanyali kawo. Kuunikako sikupweteka. Akaona kutupa angathe kukutumizani ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene kuli akatswiri a maso, kuti akajambulenso mutu ndi kutsimikiza kuti mulibe chotupa.

Kenaka pamabwera chimene ambiri timachiopa: kuchotsa madzi a pamsana. Mbiri imene imamveka m'midzi ndi yakuti singano imeneyi imapha. Chimene chinabala mbiriyi n'chakuti ambiri amene ankawachotsa madzi anali atafika kale kuchipatala ali kayakaya ndi matenda oumitsa khosi. Chinawatenga ndi nthendayo. Pa vuto tikukambali, singanoyo ndiyo imayeza mphamvu ya madzi, ndipo ambiri amamva mutu kupepuka madzi pang'ono akangotuluka. Mukambirane ndi bambo a kunyumba musananyamuke, kuti pasakhale kukanizana adokotala ataima ndi pepala m'manja.

Chithandizo chilipo. Mapiritsi otchedwa acetazolamide amachepetsa madzi amene thupi limapanga; amachititsa dzanzi m'zala, koma musawasiye osafunsa. Ngati muli ndi pakati, nenani asanakulembereni. Kuchepetsa thupi kumathandiza kwambiri: mayi wa makilogalamu 80 akatsitsa 5 kufikira 8, nthawi zambiri kutupa kumabwerera m'mbuyo. Ndiye kuti shuga wa mu tiyi, mandasi ndi tchipisi zichepe, ndiwo zamasamba zichuluke, mitanda ya nsima itsikeko. Kumaiko ena, kuyambira mu 2002 pamene madokotala a ku Cambridge anayesa koyamba, amalowetsa kachubu ka waya mumtsempha wopanikizika kuti ukhale wotseguka, koma amatero kwa okhawo amene mankhwala awakanika.

Mawu amodzi kwa inu anamkungwi ndi apongozi amene mumasunga mwana wamkazi m'chikuta. M'masabata oyamba mayi atachira, magazi angathe kuundana m'mitsempha yomweyi. Akayamba mutu waukulu wosaleka, kusanza, kukomoka, kapena kufooka dzanja ndi mwendo mbali imodzi, musadikire kuti mchombo wa mwana ugwe. Funani galimoto tsiku lomwelo, mutenge ndi buku lake la kusikelo.