Mowa wakuda wa ku Belgium safuna phuma

Mlimi wa fodya ku Kasungu amadziwa kuti mtundu wa tsamba umachokera ku moto. Akasonkhezera balani mwaluso, fodya amatuluka wachikasu. Moto ukapyola, tsamba limada. Nzeru yomweyi ndiyo imagwira ntchito pa mowa wakuda umene anthu a ku Belgium amakonda m'nyengo yachisanu.

Mowawu amafulula ndi chimera cha barele. Gawo lina la chimeracho amaliwamba pa moto wochuluka mpaka litapsa mofiirira, ndipo ofulula ambiri amathiramo shuga wakuda wochita kuphika. Yisiti ikadya shugayo, mowa umakhala waukali koma wosalemera pakhosi.

Ena mwa akatswiri a ntchitoyi ndi amonke a Chikatolika a chipani cha Trappist. Ku Chimay anayamba kufulula m'chaka cha 1862, ndipo mowa wawo wa chizindikiro chobiriwira ngati thambo unayamba ngati wa pa Khirisimasi. Mu 2016 bungwe la UNESCO linaika mwambo wa mowa wa dzikolo m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha anthu onse.

Odziwa kulawa saumwera m'botolo kapena kuuziziritsa kwambiri, chifukwa kuzizira kumapha fungo. Amauthira pang'onopang'ono m'tambula yotakasuka kukamwa, n'kusiya nsenga za yisiti pansi pa botolo. Amayamba kununkhiza, kenaka n'kupsontha pang'ono. Lilime limamva mphesa zouma ndi shuga wopserera, ndipo kawawidwe kake kamadza pamapeto.

Koma kutsekemerako n'kumene kumanyenga. Mowa wa Chimay uja ukali wake ndi 9 peresenti, Rochefort 10 amapitirira 11, pomwe mowa wamba wa m'mabotolo umakhala pafupifupi 5. Botolo limodzi tsono likufanana ndi awiri. Ngakhale kutentha kumene munthu amamva m'thupi n'kwachinyengo: mowa umatanula mitsempha ya pakhungu, thupi n'kumataya kutentha msanga.

Kuno chisanu chimagwa mu June ndi July, pomwe msika wa fodya wa Chinkhoma uli m'chimake ndipo matumba a alimi ali ndi kanthu. Mowa wa ku Belgium supezeka wamba m'Malawi, koma kamwedwe kake n'koyenera botolo lililonse: munthu ayambe wadya, amwe modekha, ndipo ndalama za feteleza ndi fizi azisiye kunyumba.